Matayala ati a Ninja 400 pa Zwartkops?

Akuluakulu a njinga zamoto kuno ku Johannesburg, ndithandizeniko nzeru. Ndili ndi Kawasaki Ninja 400, ndipo mwezi wamawa ndikufuna kukaithamangitsa pa bwalo la mpikisano la Zwartkops. Matayala ake ndi 110/70-17 kutsogolo ndi 150/60-17 kumbuyo. Lakumbuyolo laphwatalala pakati chifukwa choyenda pa msewu wa N1 tsiku ndi tsiku, m'mbali mukadali mwatsopano.

Maganizo anga ali pa Pirelli Diablo Rosso III kapena Bridgestone S22. Mnzanga wina akuti ndingogula matayala ampikisano a Supercorsa basi, koma ine ndikukayika. Njingayi ndi yopepuka, ndiye tayala lampikisano lingatenthe msanga? Zotenthetsera matayala ndilibe, ndipo mukudziwa mmene kumazizirira m'mawa kuno nthawi ya June. Tayala lozizira pakona yoyamba ndi ngozi.

Komanso njinga yomweyi ndi imene ndimapitira kuntchito, mvula kaya dzuwa. Ndalama zogulira mapeyala awiri palibe.

Amene munayesapo pa kanjinga kotere, kaya pa Zwartkops kaya pa bwalo la Red Star, munaika ati? Nanga mpweya mumauchepetsa kufika pati tayala lisanatenthe?