Za Baldur's Gate ija, zayamba kuyenda

Sabata yatha ndinafunsa ngati ndilimbikire kumaliza gemu ya pa kompyuta ya Baldur's Gate ya 1998 ndisanayambe Baldur's Gate 3, poti inkangondigwetsa ulesi. Zikomo nonse amene munandiyankha.

Vuto linali langa ndithu. Sindinkadziwa kuti pa malamulo a gemu yakaleyi, nambala ya Armor Class ikatsika ndiye kuti chitetezo chakwera. Ine ndinkavula zida zabwinozo! Wamatsenga wanga ankangodyedwa ndi mimbulu nditangotuluka mu Candlekeep, malo amene gemuyi imayambira. Pano nkhondo ikayamba ndimadina space bar, zonse zimaima, kenako ndimauza aliyense wa m'gulu langa chochita. Mauta akundipulumutsa kwambiri.

Kuyenda m'nkhalango zija kukutopetsabe, kunena zoona. Popeza nkhani ya yachitatuyo imachitika patapita zaka zoposa 100, ndikafika mumzinda wa Baldur's Gate ndiona ngati ndipitirize.