Za funso langa lija la Masters ya criminology

Ndinafunsa kuno ngati munthu amene sanaphunzire zamalamulo angachite Masters ya criminology, maphunziro ofufuza za kupalamula milandu. Munandilimbitsa mtima, zikomo kwambiri, pano ndayamba.

Zamalamulo sizinandivute, koma masamu. Sabata yoyamba yomweyo tinawerenga kafukufuku wa 1989 wa Lawrence Sherman ndi anzake mumzinda wa Minneapolis ku America. Anapeza kuti theka la mafoni oitana apolisi linkachokera m'malo atatu okha pa 100 alionse. Ndinachezera usiku wonse pa kompyuta, pensulo kukamwa, kufuna kumvetsa momwe anawerengera. Zinandigwira mtima, chifukwa kale ndinkangoganiza za wopalamula, osaganizako za pamphambano pamene mlanduwo wachitikira.

Inu amene munati mukufunanso kulowa, yambiranitu statistics, masamu osanthula ziwerengero. Ine kafukufuku wanga adzakhala wa milandu imene anthu sakanena kupolisi.