Laputopu yasiya kuwerenga mafulashi a makasitomala, service ya Device Manager iziyaka poyatsa kapena ayi?

Mwale wa pa Boma:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mwini wake wandikhalira pa benchi pano. Laputopu ya mayi ena a siteshonale cha ku depoti, Windows 10, RAM 4GB, hard disk yozungulira ija. Anabwera nayo Lolemba ati ikamayaka munthu ukhoza kutereka tiyi, kumwa, kutsuka kapu, iyo isanatsegule Word. Ndinalowa services.msc, mndandanda wa ma service, timapulogalamu togwira ntchito kuseri kwa Windows, n'kupha SysMain, Windows Search, kenako zonse zoyamba ndi Device: Device Install Service, Device Setup Manager, Device Association Service, zonse Disabled. Ndimati ndi za Device Manager, nanga mayi a fotokope Device Manager amaitsegula liti? Lero abwera nayo atakwiya. Pulinta yawo ikusindikiza, fulashi yawo ikutseguka, mausi ili bwino, koma fulashi ya kasitomala aliyense zii. Mu Device Manager ikungooneka ndi kachizindikiro kachikasu. Nyengo ya fodya ino pa shopu pawo pamadzaza, dzulo ati abweza anthu angapo. Ndiye service ya Device Manager imeneyi iziyaka limodzi ndi Windows kapena ayi? Ndiziike zonse Automatic? Ndikuopa ibwerera ku ulesi wake uja andinene kawiri.

Madala a XP:
Ikani Automatic zonse. Plug and Play yakhala Automatic kuyambira kalekale. Chinthu chogwira hardware sichidikira kudzutsidwa.

Nabanda:
Achimwene a Mwale, service yotchedwa Device Manager kulibe. Device Manager ndi devmgmt.msc, kawindo koonerapo zinthu basi, mukapanda kukatsegula sikadya kalikonse. Zimene mwapha inuzo ndi zogwira ntchito kuseri. Device Install Service ndi imene imalandira chinthu chimene kompyuta sinachionepo n'kuchipatsa driver. Pulinta ndi fulashi ya mayiwo zikuyenda chifukwa zinalembedwa kale m'kaundula. Ya kasitomala ndi mlendo, ndipo wolandira alendo mwamuthamangitsa.

Zitatuzo zibwezereni pa Manual, mmene Windows 10 inazisiyira. Mukatero muona pa Startup Type pakulembedwa Manual, pambali pake mawu oti Trigger Start. Ndiye kuti zimagona, mukabaya chinthu chatsopano zimadzuka zokha, zikamaliza zigonanso. Yang'ananinso Plug and Play ngati simunaikhudze, nayo pa Windows 10 imabwera ili Manual koma pa Status izionetsa Running.

Madala a XP:
Manual ndiye kuti munthu aziyatsa ndi manja. Mayi a fotokope azilowa services.msc fulashi iliyonse? Automatic.

Nabanda:
Ayi madala, Manual sikutanthauza zimenezo, ngakhale pa XP panu. Manual ndiye kuti Windows siiyatsa poyamba, koma pulogalamu ina kapena service ina ikaifuna imaloledwa kuiyatsa. Disabled yokha ndi imene imakhoma chitseko, ngakhale Windows yomweyo ikagogoda satsegula. Tsegulani cmd, kawindo kolembamo malamulo, mulembe sc qtriggerinfo DeviceInstall muone nokha chimene chimaidzutsa.

Aphiri a ku Chatoloma:
Mwale mphwanga, bola iwe unapha zochepa. Ine chaka chatha ndinatsegula msconfig, kawindo kosankhira zoyaka limodzi ndi Windows, pa laputopu ya aphunzitsi ena, ndinapita pa Services n'kudina Disable all osachonga kabokosi ka Hide all Microsoft services. Nditayatsanso, makina akufunsa PIN, ndikulemba, akuti PIN yanu palibe. Password ya akaunti ya Microsoft aphunzitsiwo anaiwala kalekale, anawatsegulira mwana wawo amene ali ku Lilongwe, foni yake osapezeka. Mkatimo muli mayeso a teremu yonse oti asindikizidwe Lachisanu. Ndinagona pa shopu usiku umenewo. Ndinachita kuchotsa hard disk n'kuilumikiza pa makina anga kuti ndipulumutse mafayilo kaye, zokonza pambuyo. Mwayi panalibe BitLocker, loko ya Windows yokhoma disk yonse, pakanakhala BitLocker bwenzi ndikusamuka m'dera. Kuyambira pamenepo Diagnostic startup ndi Disable all za mu msconfig sindiziyandikira pa makina okhala ndi PIN.

Mwale wa pa Boma:
Ine sindinadutsire msconfig, ndinachita pamanja mu services.msc. Mndandanda ndinautenga pa vidiyo ina. Vuto sindikukumbukira zonse zimene ndinapha, zinalipo zambiri ndithu.

Aphiri a ku Chatoloma:
Ndiye Enable all ya msconfig musaidalire. Dinani pamutu pa Startup Type kuti zonse za Disabled zisonkhane pamodzi, muyerekeze ndi makina ena a Windows 10 amene sanakhudzidwe. Musangoyatsa chilichonse, zina monga Routing and Remote Access zimabwera zili Disabled kale. Kapena yesani rstrui, System Restore yobwezera makina mmene analili kale, ngati munapanga restore point. Munapanga?

Mwale wa pa Boma:
Sindinapange.

Aphiri a ku Chatoloma:
Safunsa anadya phula.

Jere Mafoni ndi Makompyuta:
Fomatani basi. Ola limodzi mwathana nazo, mayi apite.

Nabanda:
Kufomata chifukwa cha ma service atatu? Ndiye template zawo za malisiti, makadi a ukwati, ma font amene anasonkhanitsa zaka zonsezi, driver ya pulinta, muwabwezera ndinu a Jere? Office yawo kiyi yake muli nayo? Mizere itatu iyi mu cmd ya Administrator, yobwezera zitatuzo pa Manual, yakwana:

sc config DeviceInstall start= demand
sc config DsmSvc start= demand
sc config DeviceAssociationService start= demand

Pambuyo pa chizindikiro cha = pakhale mpata, apo ayi ikukanirani. Kenako Restart yeniyeni, osati Shut down, chifukwa Fast Startup ikakhala yoyatsa Shut down sizimitsa zonse. Ikayaka, fulashi ija ya kachizindikiro kachikasu muichite Uninstall device, muizule, mubayenso.

Madala a XP:
Ana inu mumakonda zolembalemba. Ine ndinayamba ntchitoyi ma CRT akudzaza tebulo. Pa sukulu ina cha ku Santhe anandiitana, makompyuta a lab ongopatsidwa, mwana wina wochenjera anapha Plug and Play. Kutsegula Device Manager, yoyera mbee, ngakhale kiyibodi osaoneka pa mndandanda. Wina anali atawauza kale kuti motherboard yapsa. Ndinangoika Automatic, kuyatsanso, zonse zinabwerera. Ndiye wina andiuze kuti Manual?

Nabanda:
Nkhani yanuyo ndi yoona madala, pa XP ndi pa Windows 7 Plug and Play imabwera Automatic, ndipo ikafa Device Manager imayeradi. Koma Device Install Service ndi Device Setup Manager pa makina amenewo kunalibe, zinabwera ndi Windows 8. Simungapereke mankhwala a nkhuku kwa mbuzi poti zonse n'zapakhomo.

Madala a XP:
Automatic siinaphepo kompyuta.

Aphiri a ku Chatoloma:
Apo madala sakunama, siipha. Koma siithandizanso. Muika Automatic, idzuka poyatsa, ipeza palibe chochita, igonanso. Mwangowonjezera katundu pa nthawi yomwe hard disk ikulira kale, nthawi yomweyo imene Mwale amafuna kuchepetsa. Chimene ndimakana ine n'chakuti mawa makinawa akapita kwa munthu wina apeza zinthu zosiyana ndi mmene zimakhalira, ayamba kusakasaka vuto pomwe palibe.

Chisale wa ku Mtunthama:
Ine ndivomereze tchimo, Device Setup Manager ndimaipha dala pa makina a makasitomala ogwiritsa hotspot ya foni. Imapita pa intaneti kukatenga madriver ndi tizithunzi ta zipangizo, bandulo n'kumatha munthu osadziwa. Ndipo kumene kulibe netiweki imangodzaza Event Viewer ndi zolakwa, Event 131 ija ya metadata staging failed, mzere pamwamba pa mzere.

Nabanda:
Zofiira za mu Event Viewer sizipweteka munthu, a Chisale. Za bandulo njira yake ilipo yosapha service. Wi-Fi ya foniyo muiike Set as metered connection, ndipo mu Settings pa Devices muone kuti Download over metered connections ndi yozima. Mukafuna kukhwimitsa, mu System Properties pa Hardware pali Device Installation Settings, musankhe No. Mukapha DsmSvc, Device Setup Manager yomweyo, tsiku limene kasitomala wagula pulinta yatsopano mudzakhala mutaiwala kuti munaipha, mudzayamba kunamizira chingwe.

Chisale wa ku Mtunthama:
Zinandichitikirapo kale zimenezo, ndinasintha zingwe ziwiri. Koma ndimaiphabe.

Jere Mafoni ndi Makompyuta:
Chenjezo lina, a Mwale, musanakonze musasunthe chingwe cha pulinta. Zipangizo zina zilibe serial number, ukangosintha poti ya USB Windows imaziona ngati zatsopano n'kufuna kuikanso driver. Mmene zililimu mukazula mausi kapena pulinta n'kubaya poti ina, mwina nazonso zikhala chete, mayiwo aziti mwawonongeratu. Ndipo mafulashi a makasitomala amenewo, Defender ikhale yoyaka. Ma shortcut virus a m'masiteshonale mukuwadziwa. Tikukhulupirira kuti pa mndandanda wa pa vidiyo uja panalibe za chitetezo.

Mwale wa pa Boma:
Security Center ndikuganiza ndinaikhudza. Ndiona. Print Spooler sindinaikhudze. Akutinso sikana sikugwira.

Aphiri a ku Chatoloma:
Sikana ndi Windows Image Acquisition, dzina lake lalifupi stisvc. Mphwanga, unapha zingati kodi?

Gondwe:
Ine ndili pa Linux Mint, kuno mkanganowu kulibe. Woyang'anira zipangizo ndi udev, systemd-udevd, amadzuka koyambirira kwenikweni ndipo palibe amaganiza zomuzimitsa, chifukwa popanda iye zipangizo sizikonzedwa bwino mu /dev. Ndiye mbali ina madala akunena zoona, pamafunika wina wokhala maso kuyambira poyatsa. Kungoti pa Windows wokhala masoyo ali mkati mwa kernel, mtima wa Windows, Plug and Play manager, amene simungamuone pa services.msc. Iye ndi amene amaona kuti chinthu chabayidwa n'kudzutsa enawo. Makina a 4GB ngati amenewo muwaike Mint muone mmene athamangire.

Jere Mafoni ndi Makompyuta:
Mayi a siteshonale muwaike Mint, Publisher aitenga kuti? Makadi a chinkhoswe apangira chiyani?

Madala a XP:
Mwamva? Ngakhale wa Linux akuti chizidzuka poyatsa. Automatic.

Gondwe:
Sindinatero madala, werenganinso.

Nabanda:
Tibwerere kwa mwini funso. Achimwene a Mwale, kuchedwa kwa laputopuyo sikunali kwa ma service a Device, amenewo poyatsa amakhala akugona, munapha anthu osalakwa. Tsegulani Task Manager makina akangoyaka muone Disk, ndikukhulupirira ili pa 100% kwa mphindi zingapo. Windows 10 pa hard disk yozungulira ndi RAM 4GB ndi mmene imakhalira. Pitani pa Startup mu Task Manager momwemo, muzimitse zodziyatsa zokha zija, ma updater, Skype, antivirus wachiwiri amene wina anaikamo. Ma service a mapulogalamu ena amene mukufunabe muwaike Automatic ya Delayed Start, amadikira pafupifupi mphindi 2 ena atayaka kale. SysMain ndi Windows Search anthu amatsutsana, ine pa hard disk yozungulira SysMain ndimaisiya yozima ndikaona kuti ndi imene ikukanda disk, Search ndimaibwezera ngati munthu amasaka mafayilo kapena ali ndi Outlook. Muyesenso thanzi la disk ndi CrystalDiskInfo, ikalemba Caution muwauze lero lomwe asanataye zinthu. Mankhwala enieni ndi SSD ya SATA, disk yosazungulira yothamanga, ngakhale ya 128GB, yakaleyo n'kuiika m'kabokosi ka USB.

Aphiri a ku Chatoloma:
Ndipo mu registry musalowemo pokhapokha services.msc itakana. Ndikudziwa wina abwera kudzati pitani HKLM, SYSTEM, CurrentControlSet, Services musinthe Start. Inde 2 ndi Automatic, 3 ndi Manual, 4 ndi Disabled, koma 0 ndi 1 ndi za madriver oyambira, ukalakwitsa mzere makina sayakanso. Munthu wotopa, kasitomala ali pa benchi, si nthawi yake. Zikakanikabe, C:\Windows\INF\setupapi.dev.log imalemba chilichonse chimene chinachitika pobaya chipangizo, muwerenge kumapeto kwake. Ndipo ngati batire ya laputopuyo inafa, dikirani magetsi akhazikike musanayambe System Restore kapena kukopera disk, akazima pakati mulira.

Chisale wa ku Mtunthama:
Muwauzenso mayiwo kuti Windows 10 inasiya kulandira ma update wamba pa 14 October 2025. Makina olandira mafulashi a anthu onse a pa boma, nkhani imeneyo si yaing'ono. Koma ngati ndi akale opanda TPM 2.0, kachipangizo ka chitetezo ka mkati, Windows 11 mwalamulo sikwera.

Jere Mafoni ndi Makompyuta:
Imakwera ndi Rufus, pulogalamu yoikira Windows pa fulashi.

Chisale wa ku Mtunthama:
Pa 4GB ndi hard disk yozungulira? Walira mvula walira matope.

Madala a XP:
Windows 7 anati yatha pa 14 January 2020, yanga ikuyendabe mpaka lero, Plug and Play ili Automatic.

Nabanda:
A Mwale zatheka? Fulashi ikuwerenga?

Gondwe:
Akuoneka atuluka. Pakali pano, alipo ali ndi SSD ya 256GB pa boma pano, kapena akupita ku Lilongwe sabata ino andigulireko? Ndilinso ndi kasitomala wa ku Chinkhoma akufuna chaja ya HP ya pini yabuluu.

Jere Mafoni ndi Makompyuta:
Chaja ndili nayo, 45W kapena 65W? SSD zatha, ndikuyembekeza Loweruka.