Thanki ya ethanol, koma abwana anagula kale thovu la dizilo

Wachitetezo ku Kanengo: Akuluakulu, ndibwerekeni nzeru. Kuntchito kwathu tikuimika thanki ya ethanol, m'mimba mwake mamita 10, denga lake lomatirira. Chapafupi pali thanki yakale ya dizilo. Abwana anagula migolo ya thovu lozimitsira moto lotchedwa AFFF 3% (losakaniza magawo atatu pa 100 ndi madzi) chaka chatha, ndiye akuti tingolumikiza mapaipi, thovu ndi thovu basi. Wogulitsa zipangizo wawanong'onezanso kuti thovulo lizilowera pansi pa thanki n'kumakwera lokha, ati zimatchipa. Ine mtima sukukhazikika, koma ndikusowa mfundo zopita nazo ku ofesi.

Mzimitsamoto wopuma: Achimwene, mtima wanuwo ukunena zoona. Ethanol amasakanikirana ndi madzi, ndipo thovu ndi madzi ndi mpweya, mankhwala ake ndi pang'ono chabe. Mukalithira pa ethanol, iye amayamwa madziwo, thovu n'kufa. Tinayesapo pa maphunziro, mu mgolo wodula pakati. AFFF wamba ankasungunuka akangotera, ngati thovu la sopo m'beseni la mafuta, moto uli phee kuyaka. Titathira la AR, lopangidwa kuti lisasungunuke pa mowa ngati ethanol, linapanga kachikopa pamwamba, konga kamene kamagwira pa phala likayamba kuzizira, thovu lina n'kumayenda pa kachikopako mpaka moto unatsamwa. Zolowetsa pansizo iwalani. Pa dizilo zimatheka chifukwa thovu limadutsa m'mafuta osasungunuka. Pa ethanol lifera m'njira lisanaone kumwamba. Ikani ma foam chamber, timabokosi tothirira thovu mu thanki, pamwamba, thovu lizitsetsereka ndi khoma la mkati pang'onopang'ono, lisamagwe ngati mathithi.

Injiniya wa ku Makata: Ndawerengetsa mwachangu. Mamita 10 akupereka masikweya mita pafupifupi 79. Pa malita 4.1 pa mphindi pa sikweya mita iliyonse, kwa mphindi 55, ndi malita oposa 17,000 a madzi osakaniza. Thovu lenileni la mu migolo, 3% ya madziwo, malita 530 kapena kuposerapo pang'ono.

Mayi wa inshuwalansi: Bambo injiniya, pepani ndikudulani. 4.1 imeneyo mu NFPA 11, buku la malamulo a thovu lozimitsira moto, ndi ya mafuta ngati petulo ndi dizilo. Pa ethanol ndi methanol mulingo umachokera pa pepala la wopanga thovulo, malinga ndi mmene linayesedwera pa mankhwala amenewo, ndipo kawirikawiri umakwera. Muonenso ngati la AR-lo ndi 3x3 kapena 3x6: nambala yoyamba ndi peresenti ya pa mafuta, yachiwiri ya pa ethanol. La 3x6 limafuna 6% pa ethanol, ndiye migolo iwirikiza. Thovu la AR ndi lonanda ngati therere, proportioner yanu yakale, chipangizo chosakaniza thovu ndi madzi, mwina silikoka bwino. Tikabwera kudzayendera, ndi zimene timayamba kufunsa.

Injiniya wa ku Makata: Mwandigwira amayi, ndavomera. Manambala angawo muwatenge ngati poyambira chabe.

Wa ku Chigwa cha Shire: Ine ndinene za madzi, poti aliyense amathamangira thovu. Ethanol amatulutsa nthunzi yogwira moto kuyambira madigiri 13. Kuno mu Okutobala chitsulo cha thanki sungachigwire ndi dzanja. Thanki imodzi ikayaka, ya dizilo iyenera kuziziritsidwa ndi mapaipi opopera madzi, apo ayi muzimitsa ziwiri. Funso n'lakuti madziwo muwatenga kuti, ndipo pampu ikuyendera chiyani? Kumene ndinkagwira kale tinali ndi pampu ya magetsi yokongola, yopakidwa penti wofiira. Tsiku loyesa magetsi anazima, tonse tinangoyang'anana, payipi ili lende m'manja. Pampu ya dizilo ndi thanki yanuyanu ya madzi, osadalira mpope wa mumsewu. Muziiliza sabata iliyonse, batire limafa mwakachetechete.

Mzimitsamoto wopuma: Eya, ndipo anyamata anu adziwe kuti lawi la mowa wotere masana silioneka bwino, la methanol ndiye kuposa. Munthu amatha kulowa m'moto akuona ngati ndi madzi atayika.

Mayi wa inshuwalansi: Khoma lozungulira matanki lizitha kusunga 110% ya thanki yaikulu, ndipo valavu yotulutsira madzi amvula izikhala yotseka. Ndapezapo zambiri zili pululu chifukwa mlonda anatopa n'kumatsegula dzinja lonse. Komanso alamu ya kudzaza. Ku Buncefield, ku England, pa 11 Disembala 2005, geji inakakamira, switchi yoteteza osagwira, petulo n'kusefukira padenga mpaka nthunzi inaphulika. Moto unayaka masiku angapo, thovu analinalo koma linabwera zinthu zitaipa kale.

Wachitetezo ku Kanengo: Zikomo kwambiri nonse. Nanga migolo yathuyi tiitaye?

Injiniya wa ku Makata: Osaitayira mu ngalande, chonde. Ambiri a AFFF ali ndi mankhwala a PFAS amene saola m'nthaka kapena m'madzi. Mwa mankhwala amenewa, PFOS inalowa mu pangano la Stockholm, la maiko lochepetsa mankhwala oopsa, mu 2009, PFOA mu 2019. Werengani pepala la migoloyo kaye. Pogula latsopano funsani la AR lopanda fluorine, ndiye kuti lopanda PFAS, koma likhale loyesedwa pa ethanol ndi zipangizo zomwe muyike. Ndipo musasakanize mitundu iwiri mu thanki imodzi, imatha kuundana n'kutseka mapaipi.

Wa ku Chigwa cha Shire: Musaiwale waya wa earth ndi flame arrester, chotchinga lawi, pa vent yopumira thanki, mvula yayandikira ndi mphenzi zake.

Wachitetezo ku Kanengo: Ndalemba zonse. Lachisanu ndidula mgolo, ndiitanitse ozimitsa moto adzaimepo, abwana adzathire okha AFFF wawoyo pa ethanol aone. Madala opuma, munkathira malita angati mu mgolomo?