Spillover ya rep ikundigwetsera game, thandizeni

mlenje_gd: Akuluakulu, mutu waima. Ndikupanga game mu Godot 4 (pulogalamu yopangira ma game), RPG (game yomwe umasewera ngati munthu wa m'nkhani) ya malupanga ndi afiti, ma faction (magulu) anayi, iliyonse ndi int (nambala) yake ya rep (mbiri ya player pagululo). Ndinaika spillover (rep ikasintha pagulu lina, imakhudzanso magulu ena) ngati ya magulu a Booty Bay ndi Bloodsail Buccaneers mu game ya World of Warcraft: ukakondweretsa awa, adani awo amadana nawe. Player akangopha wakuba mmodzi, signal ya rep_changed (uthenga wa mu code woti rep yasintha) ikudzutsa inzake, inzakeyo ikubwezera, mpaka stack overflow (code kudziitana kosatha mpaka game kugwa). Ndikadula loop pakati, alonda akutema munthu amene wangowathandiza, chifukwa amalonda ndi abwenzi a mbali zonse. Build (game yokonzedwa kuti anthu ayese) ikufunika Lachisanu.

nkhwazi88: Int imodziyo ndiye matenda anu. Gawani pawiri, fame ndi infamy (mbiri yabwino ndi yoipa), ngati mu game ya Fallout: New Vegas.

dev_wa_usiku: Ayi amwene, apa vuto ndi signal. Spillover isadutse mu setter (code yosintha nambalayo) yomwe imachita emit (kutumiza signal). Werengani ma delta (kusintha kwa rep ya gulu lililonse) onse pa table kamodzi, ikani onse, kenako emit. Ilumphe kamodzi basi, mnzake wa mnzake asakhudzidwe.

kalulu_qa: Muonenso kuti waona mlanduwo ndani. Game ya Skyrim isanatuluke mu 2011, a Bethesda omwe anaipanga anapeza kuti nkhuku zimakanena milandu kwa alonda. Ife zinatichitikira ndi bulu wonyamula katundu. Anali ndi script ya NPC (munthu wa mu game yemwe si player) wamba, ndiye player akaba kuphanga kopanda munthu, mudzi wonse umadziwa. Masiku atatu tikufufuza alonda, pomwe kazitape anali buluyo.

nkhwazi88: Ndikubwereza, gawani pawiri. Game ya Baldur's Gate inali ndi nambala imodzi, 1 mpaka 20. Umapha wosalakwa, n'kukapereka ndalama kukachisi, mbiri n'kuyeranso. Mukufuna zimenezo?

dev_wa_usiku: Zoona, koma munthuyu game ikumugwera lero. Musasinthe kapangidwe ka data sabata ya build, ma save a ma tester afa onse.

kalulu_qa: Komanso samalani malire a Neutral (wapakati) ndi Hostile (mdani). Rep ikamasewera pamzere pomwepo, mlonda amasolola lupanga, kubweza, kusololanso. Polowera udani ndi potulukira pasakhale nambala imodzi.

nkhwazi88: Ndi manambala awiri, wopha anthu sangagule chikhululuko. Mudzandikumbuka ma quest akafika 50.

dev_wa_usiku: mlenje, table ya ma faction ili mu Resource (chosungira data mu Godot) kapena mwailemba mu code? Tiponyereni tione.