Kodi namasupuni ameneyu tipangire gasi wophikira?

Wapampando: Abale ndi alongo, pamsonkhano wapitawu ena anapereka ganizo lakuti namasupuni amene watseka doko tizimuvuula ndi kumuthira m'thanki yotseka bwino, kuti akamawola mopanda mpweya azitulutsa gasi wophikira. Ndikupempha maganizo anu tisanakhudze thumba la gulu.

Msungichuma: Zikomo a Wapampando. Nkhawa yanga ili pa kulemera kwake. Chomerachi ndi madzi okhaokha, pafupifupi magawo 95 pa 100 alionse, kutanthauza kuti pa makilogalamu 100 amene anyamata angasenze kuchokera kumtsinje, otsala akauma ndi makilogalamu 5 okha. Thanki ikamangidwa kutali ndi gombe, tidzakhala tikulipira anthu kuti azitunga madzi.

Mphunzitsi wa sayansi: A Msungichuma anena zoona, koma pali vuto lina limene ndinaliona ndi maso anga. Chaka chatha ndinayesa mumgolo wa malita 200, ndipo chifukwa chothira namasupuni wosadula, yense anayandama n'kugwirana pamwamba ngati mphasa, mpaka paipi inatsekeka. Mapesi ake ali ndi timphako ta mpweya, n'chifukwa chake samira. Ayenera kuduladula, kumufotetsa pang'ono padzuwa, kenako kumusakaniza ndi ndowe za ng'ombe, pakuti tizilombo timene timapanga gasi woyakayo timachokera m'ndowemo. Tizilomboti timagwira ntchito bwino kukamatentha pafupifupi madigiri 35, choncho nyengo yozizira moto udzachepa.

Mlembi: Aphunzitsi, nanga namasupuniyo akadzatha, thankiyo sidzangokhala chipilala?

Mphunzitsi wa sayansi: Amayi, za kutha musadandaule nazo. Madzi akakhala ndi chonde, namasupuni amatha kuchuluka kawiri m'masabata awiri okha, ndipo njere zake zimakhala m'matope zaka zambiri zisanamere.

Mlembi: Ngati zili choncho ndikuvomereza, makamaka poti zotsalira m'thanki ndi manyowa abwino. Komabe ndamva kuti chomerachi chimayamwa zitsulo za poizoni zimene zili m'madzi, ndiye ndikupempha kuti madziwo ayezedwe kaye tisanathire manyowawo m'madimba a ndiwo zamasamba.

Msungichuma: Ine sindinakhutire. Tiyambe ndi migolo iwiri pafupi ndi doko, tione ngati ingawiritse mphika tsiku lililonse kwa miyezi itatu, ndipo za simenti tidzakambe pambuyo pake. A Wapampando, mutifunsire kwa amene ali ndi makola kuti ndani angamatipatse ndowe m'mawa uliwonse, popeza nawonso amazifuna kumunda.