Green screen ikusiya zobiriwira m'mphepete mwa munthu, ndikulakwitsa pati?

Zolozolo_Cam:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuphunzira VFX (kupanga zodabwitsa za mu filimu pa kompyuta) pandekha, ndipo ndikufuna kujambula munthu akuuluka pa lichero usiku. Ndagula nsalu yobiriwira mamita 4 ku Taifa, ndajambulira m'nyumba ndi foni. Ndikachotsa nsaluyo mu pulogalamu ya CapCut, m'mphepete mwa munthu mukutsala zobiriwira, tsitsi likudyeka, manja akagwedezeka akumasowa. Laputopu ndi ya RAM 8GB. Ndisinthe pulogalamu?

Mkonzi_wa_Katoto:
Achimwene, pulogalamu isiyeni kaye, zawonongekera pojambula. Zobiriwira za m'mphepetezo ndi spill, kuwala komwe kukugunda nsalu n'kubwerera pa khungu. Munthu aime mamita 2 kapena 3 kuchokera pa nsalu. Akayandikira, chithunzithunzi chake chimagweranso pa nsalupo, ndiye keyer (chida cha mu pulogalamu chochotsera nsaluyo) imaona mitundu iwiri ya zobiriwira.

Nsaluyo isiteni ndipo muikoke ndi mapegi mbali zonse, khwinya lililonse limabala mthunzi. Ngati ndi yonyezimira ngati satini, mwataya ndalama, pamafunika ya thonje yosawala. Nyali ziwiri zofanana ziunike nsalu yokha, ina kumanzere ina kumanja, pa madigiri 45. Munthu akhale ndi nyali yakeyake, kuphatikiza kanyali kena kumbuyo kwake kowalitsa mapewa ndi tsitsi.

Za manjazo ndi motion blur. M'chipinda cha mdima foni imachedwetsa yokha shutter (nthawi yomwe kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse), dzanja n'kusakanikirana ndi nsalu. Pezani app yolola manual ngati Open Camera, ikani 25fps (zithunzi 25 pa sekondi), shutter 1/100. Musaike 1/60 kapena 1/120: magetsi a kuno ndi a 50Hz, mababu amayamba kuphethira pa vidiyo. Tsekaninso white balance ndi ISO (zoyendetsa mtundu ndi kuwala kwa chithunzi) kuti zisamasinthe muli mkati mojambula.

NyaLuwinga:
Zoona zimenezo. Ndiwonjezere chimodzi chomwe ambiri sachiganizira: fayilo musaitumize ku laputopu kudzera pa WhatsApp ngati vidiyo. Imafinyidwa, m'mphepete mumadzaza timabokosi, palibe keyer ingakonze. Gwiritsani chingwe.

Pa RAM ya 8GB, pulogalamu ya DaVinci Resolve ikuvutitsani, makamaka tsamba la Fusion, imafuna 16GB kupita m'mwamba. Tengani Blender, ndi yaulere. Mu Compositor (gawo la Blender lophatikizira zithunzi) lumikizani Movie Clip ku node ya Keying, sankhani mtundu wa nsalu pafupi ndi munthu, osati pakona. Onani matte yokha (chithunzi choyera ndi chakuda choonetsa zotsala ndi zochotsedwa): munthu ayere mbee, kumbuyo kude bii. Kwezani Clip Black pang'onopang'ono mpaka madontho a kumbuyo atha, tsitsani Clip White mpaka mabowo a m'thupi atsekeka. Mukapyola muyeso, tsitsi ndi lomwe limayamba kupita. Makoma ndi nyali zoonekera m'mbali musalimbane nazo ndi keyer, zidulireni mask (malire omwe mumalemba nokha obisa mbali zimenezo).

Potulutsa, sankhani PNG sequence (frame iliyonse kukhala chithunzi chakechake), osati MP4. Magetsi akathima pa frame 300 muyambira pa 301, pomwe MP4 yodukira panjira nthawi zambiri sitseguka n'komwe.

Mdala_Chibavi:
Ine ndisiyana nanu pa nyali. Mwana akungoyamba kumene, azigula nyali zinayi? Mitambo ya Mzuzu ndi softbox (nyali yofewetsa kuwala) yaulere. Tsiku lomwe kwachita mitambo koma sikukugwa mvula, pachikani nsalu panja pa khoma, kuwala kumafika mofanana paliponse. Mphepo yokha ndiye muisamale, mangani nsalu pansi pomwe. Pewaninso kapinga, naye amabweza zobiriwira.

Usiku mudzaupanga pa kompyuta: tsitsani exposure (kuwala), chepetsani saturation (kukolera kwa mitundu), kankhirani mtundu ku buluu pang'ono. Chomwe chimaulula bodza si key (kachotsedwe ka nsalu), ndi kusagwirizana kwa chithunzi cha munthu ndi cha kumbuyo. Ngati mwezi uli kumanja, munthu awale kumanja. Mdima wa pa malaya ake ufanane ndi mdima wa kumbuyo, ndipo pomaliza thirani grain (timadontho ta pa chithunzi) imodzi pa zonse.

Zolozolo_Cam:
Zikomo kwambiri madala. Nanga lichero ndilikhazike pa chiyani? Ndipo ndingayendetse foni kuti aoneke akuuluka?

NyaLuwinga:
Likhazikeni pa mpando wopanda chotsamira, wokutidwa ndi chidutswa cha nsalu yomweyo, miyendo ya munthu isabisike kuseri kwake. Foni isayende, ikhale pa tripod. Kuulukako mudzapanga ndi ma keyframe a position ndi scale (kuika malo ndi kukula kwa munthu pa nthawi zosiyanasiyana), wina azimukupizira mphepo ndi katoni kuti zovala zizigwedezeka. Kuyendetsa kamera kumafuna tracking, kutanthauza pulogalamu kutsatira momwe kamera inayendera: timitanda ta tepi pa nsalu, Blender imafuna mfundo zosachepera 8 zooneka bwino, ndipo solve error (muyeso wa kuphonya kwa tracking) ikhale pansi pa pixel imodzi, apo ayi munthuyo azitsetsereka pa chithunzi. Zimenezo mudzazigwire key ikayamba kutuluka yoyera.